Afunsa Wotchetcha Kapinga

Okutobala wafika ku Ohio ndi mphepo yolowa m'mafupa.
Mipando yonse ili pululu,
mapepala a soseji akuthamangitsana pansi pake,
ine ndikukoka chinsalu kufunditsa kachulu ka woponya mpira
pamene nsapato zazitali za Mayi Vandermeer
zikuboola dothi langa.

Sanatsikeko kuno chimwalirireni bambo awo.
Akuti, "Otis, watha zaka makumi atatu pabwalo lino.
Kosciak, ndimusunge kapena azipita?"

Ine wa fosholo ndi leki,
ndiweruze munthu wa tayi?

Manambala muli nawo m'chikwamamo, Mayi:
tapambana 68, tagonja 94,
chaka chachitatu tili kumchira.
Wailesi imamudya m'mawa uliwonse,
oyendetsa mathiraki amamutukwana asanamwe n'khofi yemwe.

Anagulitsa Quiñones. Bala ndi limenelo.
Quiñones wamanzere uja, amene mpira wake
unkafika pamphuno pa womenya
n'kugwada mwadzidzidzi ngati wakumbuka pemphero.
Anamusinthanitsa ndi anyamata atatu osamera ndevu.
Wina mtsempha wa chigongono unaduka mu Meyi,
wina sindinamuone n'komwe.
Mdzukulu wanga anavula jezi tsiku lomwelo,
mpaka lero amapukutira njinga.

Anasainitsanso nkhalamba ya mawondo akutha
kontirakiti ya zaka zinayi,
ndalama zoti n'kumangira chipatala,
koma imathamangira pa besi yoyamba ngati yabereka firiji.
Zimenezi sindingamuchotsere.

Komatu wachitatu uja, Broussard.
Ine besibolo sindiionera pa bolodi la zigoli.
Ndimaiwerenga usiku, anthu atapita,
m'mapazi otsala pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu.
Dothi silidziwa kunama.
Mapazi a mwana ameneyu amanyamuka
ndodo isanakhudze mpira,
awiri kumanzere, limodzi lozama, basi.
Mapazi otere ndawasalaza kawiri kokha moyo wanga wonse.
Kosciak anakawapeza yekha ku Louisiana,
pakabwalo ka udzudzu kumene anzake anakana kupita.

Pali china.
Bernadine wanga atagonekedwa kuchipatala,
munthuyu anakhala nane pabenchi ya m'khonde mpaka tambala,
osayankhula, akungosenda lalanje.
Chimenechi musachiwerengere, Mayi.
Mtima wabwino suponya mpira.
Ndachinena kuti mudziwe kuti sikelo yanga ndi yopendekeka.

Akuti, "Ndiye yankho lako?"

Kapinga uyu ndinafesa mu Seputembala.
Chipale chofewa chimukwirira miyezi inayi,
wodutsa adzati pano palibe kanthu.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde,
koma ndinadikiraponso zaka zitatu kapinga wa kumanja uko
pamene mizu inali itaola kalekale,
ine ndikungothirira manda.
Pamwamba zonse ziwiri zimafanana.
Umatenga mpeni, n'kudula kachigamba, n'kununkhiza.

Pitani mukadule nokha.
Kwerani basi ya anyamata a timu yaing'ono,
mukagone kumotelo kumene amagona,
mukaone ngati kumusi kuli mizu yoyera.
Mukapeza ilipo, mupatseni chilimwe chimodzi,
cheke chokha mumulande akaona nkhalamba ina.
Mukapeza fungo, musadikire Khirisimasi,
ndipo mumuuze pamaso, asamvere pa wailesi.

Mayi sanalembe kanthu.
Anakweza maso kunyumba yosanja,
pawindo limodzi loyaka,
pamene chithunzithunzi cha munthu
chinachoka msanga kuseri kwa katani.

Atapita ndinawerenga mabowo a nsapato zawo,
makumi anayi ndi awiri kukafika pageti.
Ndinatenga leki.
Aliyense amene adzakhale pawindo lija mu Epulo
adzafuna dothi losalala.